Chigafa Chisachoke pa Chithunzi

Zithunzi zakale kwambiri zomwe zilipo za chigawo chathu chino, m'mbali mwa Zambezi ndi Shire, zinajambulidwa ndi munthu amene sanalembedwe ntchito yojambula. Pa ulendo wa David Livingstone womwe unayamba mu 1858, kamera inaperekedwa kwa mng'ono wake, Charles Livingstone. Koma bamboyu zinkamukanika. Mankhwala otsukira zithunzi sankagwirizana ndi kutentha kwa ku Tete, luso nalo linali loperewera, moti pa ntchito yake yonse zomwe zinatsala n'zochepa kwambiri. Amene anapulumutsa nkhani ndi John Kirk, dokotala wa pa ulendowo yemwenso ankafufuza za zomera, mnyamata amene anali asanakwanitse zaka 30. Iyeyu ankajambula mongokonda chabe, pogwiritsa ntchito mapepala opaka phula. Zithunzi zake zikusungidwa ku National Library of Scotland, ndipo dzina lake linatsalira pa mapiri a Kirk Range, aja mumawaona mukamadutsa ku Ntcheu.

David anachita kumulembera mng'ono wakeyo zoti ajambule: anthu a mitundu yosiyanasiyana ngati zitsanzo za mitundu yawo, mitengo, zomera, nyama ndi maonekedwe a malo. Taonani bwino mndandandawo. Munthu, mtengo ndi nyama zili pamzere umodzi, zonse ndi zinthu zoti akazione a ku London. Ndiye panalinso vuto la chipangizo. Pepala la Kirk linkafuna nthawi yaitali kuti ligwire chithunzi, choncho chinthu choyenda sichinkagwirika bwino. Mlambe unkaoneka, khoma linkaoneka, miyala ya mumtsinje inkaoneka, koma mayi wodutsa ndi mtsuko pamutu ankangosanduka kautsi, kapena kusowa kumene. Amene ankaona zithunzi zotere kunjako ankaona dziko lokongola, lachete, looneka ngati mulibe eni ake.

Ndayamba ndi nkhani yakaleyi chifukwa cha zomwe ndimakumana nazo masiku ano. Chibwerereni kuno ku Kasungu kuchokera ku koleji, achinyamata a m'dera lathu amanditenga ngati katswiri wa zithunzi, kaya n'chifukwa choti ndinawerengako mbiri, kaya n'chifukwa choti foni yanga ndi yaikuluko pang'ono. Amangondipatsira foni m'manja: "Achimwene, tachionani ichi, chili bwanji?" Ndikamayendetsa chala pa sikirini ndimapeza zinthu zitatu zomwezomwezo: nkhope za anthu, mbalame, ndi malo, makamaka dzuwa likamalowa. Ndi mndandanda wa David Livingstone uja, sunasinthe kwenikweni.

Asanafike kwa ine amakhala atamva kale mayankho a mitundu iwiri. Loyamba ndi la anzawo: "Moto!" "Wapha!" "Zili bho!" Limeneli silithandiza, komanso silipweteka munthu. Lachiwiri ndi la uja anaonerako maphunziro a kujambula pa YouTube: dula apa, chotsa chigafacho chikunyansitsa, ng'ombeyo isaoneke, walitsa nkhopeyo. Ili ndi limene limandidetsa nkhawa, chifukwa theka lake ndi loona. Theka linalo ndi diso la mlendo la mu 1858, lomwe tikupatsirana tokhatokha ngati kuti ndi lamulo la luso.

Tiyambe ndi malo, poti ndi pomwe mkangano wa chigafa umabuka kawirikawiri. Mnyamata waima m'mbali mwa msewu wa M1 madzulo, phiri la Kasungu lili chapatali, mitambo yafiira, ndipo chakumanzere kwa chithunzi kwalowa chigafa cha udzu, fodya ali lende pa mikangala. Alangizi aja akuti achidule kuti patsale chilengedwe chokhachokha. Chilengedwe chake chiti? Malo okhawo kuno omwe mungajambule mitengo yokhayokha mpaka pomwe maso alekezera ndi ku Kasungu National Park, kumalire ndi Zambia, ndipo nakonso sikunakhale chopanda anthu mwa ikokha. Boma la atsamunda linasamutsa midzi ya kumeneko ponena za matenda a kaodzera, n'kusandutsa deralo nkhalango yotetezedwa mu 1922. Mu 1930 linakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 linakhala paki. Mkati mwa nkhalangoyo mukadali ng'anjo zadothi zomwe makolo ankasungunuliramo chitsulo. Ndiye kuti ngakhale chithunzi chokongola cha ku damu la Lifupa, chopanda munthu ndi mmodzi yemwe, n'chithunzi cha malo omwe anthu anachotsedwamo. Sindikuti tisamajambuleko ayi, ineyo ndimakukonda kwabasi. Ndikungoti tizidziwa chomwe tikujambula.

Kunja kwa paki nkhani ndi ya fodya basi. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anafalikira m'zigwa za Kasungu, ena a makampani a Kamuzu mwini, Press Farming ndi General Farming, ena a nduna ndi akuluakulu a chipani, kuphatikizapo minda ya pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wamba wa pa malo a makolo kulima fodya wa bale ndi wa m'mabalani, womwe ndiwo unali ndi ndalama. Amene ankafuna kumugwira fodya ameneyu ankayenera kukalowa utenanti, ndipo mabanja ambiri anakwera malole kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe kudzakhala m'tinyumba ta udzu m'mphepete mwa minda ya eni. Chiletsocho chinayamba kumasuka cha m'ma 1990, ndipo apo m'pamene chigafa chinafika pakhomo pa munthu wamba. Balani imadya nkhuni, chigafa chimadya mitengo ya mafoloko ndi mikangala chaka ndi chaka. Mukamadabwa kuti n'chifukwa chiyani dzuwa la ku Kasungu limalowa poyera chonchi, popanda mombo kapena msuku wolitchinga, yankho lake ndi kanyumba kaudzu kaja akukuuzani kuti mukadule. Chigafacho ndi chimene chikufotokoza chithunzi chonse. Kwa bambo amene anakula akuletsedwa kulima bale, chinalinso chizindikiro choti tsopano ndi munthu payekha. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo zonse zili m'kangodya kamodzi ka chithunzi.

Ndiye ndikapatsidwa chithunzi chotere sindinena kuti chili bwino basi, chifukwa nthawi zambiri sichili bwino. Mzere womwe thambo limakumana ndi nthaka umakhala wopendekeka, ngati dziko likukhuthukira ku Dwangwa. Umenewo ngofunika kuwongola. Chigafa chimakhala chitalowa theka, ngati chalowa mwangozi, ndipo langizo langa limakhala losemphana ndi la anzanga aja: bwerera m'mbuyo mapazi asanu, kapena sunthira kumanzere, chilowe chonse, woona adziwe kuti unachifuna. Thambo lisatenge chithunzi chonse pamene nkhani ili pansi. Ndipo nyengo ili ndi zake. Mu Okutobala utsi wa moto wa tchire umaphimba phiri, mitundu yonse imafwifwa, ndiye usalimbane ndi foni, si vuto lake. Dikira mvula zoyamba zitsuke mpweya, kapena jambula utsiwo mwadala.

Ndikuganiza kuti chithunzi chomwe chinatchukitsa Kasungu kunja kuposa china chilichonse si cha njovu kapena cha dzuwa likulowa. Ndi cha nsanja yopindikapindika ya mitengo ya bulugamu, njinga yakutha ndi zitsulo zotola, yomwe William Kamkwamba anamanga kwawo ku Wimbe kuti mphepo izimupangira magetsi. Iyenso nzeruyo inamudzera ataona chithunzi cha makina a mphepo pachikuto cha buku la mulaibulale. Mlangizi wa malo oyera bwenzi atanena kuti zitsulozo zikuwononga maonekedwe a mudzi.

Za mbalame mbiri yake ndi yaifupi, ndipo inayamba ndi mfuti. Harry Johnston, amene anakhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno mu 1891, anali ndi munthu wake wotolera zachilengedwe, Alexander Whyte. Mbalame zinkaomberedwa, kusendedwa, n'kutumizidwa ku London kuti zikapatsidwe maina. Mpaka lero pali mbalame ya m'nkhalango zathu yomwe m'mabuku imatchedwa Whyte's barbet, ndipo dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje nalonso ndi la bambo yemweyo. Mu 1930 woweruza milandu Charles Belcher anatulutsa buku la mbalame za Nyasaland, ndipo buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 linawerenga mitundu pafupifupi 650 m'dziko muno. Ndi ntchito yaikulu, ndimaipatsa ulemu. Koma chithunzi cha mbalame chomwe mwambo umenewu unatisiyira n'chimodzi: mbalame ili yokha, yaima chammbali, kumbuyo kulibe kanthu, kuti mlomo ndi nthenga zioneke bwino pozindikira mtundu wake. N'chimene tinakula tikuona pa masitampu ndi pa makobidi oyamba a tambala a mu 1971, kambalame ka mchira wautali pa 2 tambala ndi chimbalame cha m'madambo cha khosi lalitali pa 5 tambala.

Foni ya Tecno kapena itel singapikisane ndi zimenezo, ndipo tisanamizane. Mtsikana wina anandionetsa kadontho kakuda pa waya wa magetsi, atakoka zoom mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndi namzeze. Mwina analidi namzeze, koma chithunzicho chinali phala. Zoom ya foni zambiri sikuyandikizitsa ayi, imangofutukula timadontho tomwe tilipo kale. Njira ndi imodzi yokha, yomwe aliyense amene anakulira kumudzi ndi legeni amaidziwa: khala pansi pafupi ndi madzi kapena pomwe apetera mphale, usagwedezeke, mbalame ibwere yokha. Diso lake likhale lakuthwa pa chithunzi, zina zonse zikhoza kufwifwa. Kakowa usamujambule masana dzuwa lili paliwombo, amangosanduka banga loyera lopanda nthenga. Koma pomwe mwana wa kuno angapose mlendo wa kamera ya mamiliyoni ndi pa zomwe akudziwa. Kakowa amatsata ng'ombe chifukwa zikamayenda zimavumbulutsa ziwala, ndiye ng'ombeyo ukaidula watsala ndi chitsanzo cha m'kabati ya ku London. Nantchengwa chithunzi chake ndi chisa chake chija, chachikulu ngati mtolo wa udzu wofolerera, chomwe akuluakulu amaletsa kuphwasula. Nang'omba amaswera m'mphako za mitengo ikuluikulu, choncho funso loti unamuona kuti ndi lofunika kuposa loti unagwiritsa ntchito foni yanji. Agogo anga amati kale ankadzutsidwa ndi kulira kwake m'bandakucha. Ine kumudzi kwathu sindinamumvepo.

Nkhope ndiye nkhani yovuta, ndipo tibwererenso m'mbuyo. Buku la Johnston la mu 1897, British Central Africa, lili ndi zithunzi za anthu akuno, ena ali chibadwire, pansi pake palembedwa mtundu wawo m'malo mwa dzina. Patangopita zaka zochepa, ku Blantyre kunali munthu wakuda ali kuseri kwa kamera. Mungo Murray Chisuse anali wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, anakaphunzirako ku Scotland, ndipo amadziwika ngati Mmalawi woyamba kugwira ntchito yojambula zithunzi. Zina mwa zithunzi zomwe tili nazo za John Chilembwe, banja lake ndi mpingo wake wa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu zinatuluka m'manja mwake. Mukachiona chithunzi cha Chilembwe ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo, chinthu choyamba kuona ndi zovala: suti yokhala bwino, diresi lalitali lofika m'khosi, anthu okhala mowongoka, osasekerera aliyense. Mlangizi wa lero akhoza kunena kuti aumitsa thupi kwambiri, amasuke. Koma kumbukirani kuti imeneyo inali nthawi yomwe munthu wakuda wovala chipewa ankakalipiridwa kuti achivule akakumana ndi mzungu, dandaulo lomwe linamveka pa kafukufuku wa boma pambuyo pa kuukira kwa mu Januwale 1915. Kuuma thupi kumeneko kunali kuyankha. Tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe asilikali anachiphulitsa, iye anaphedwa pa 3 Febuluwale, koma nkhope ija ili m'thumba mwanu pa K500 ndi pa K2000.

Mwambo wa Chisuse, woti wojambulidwa asankhe yekha mmene akufuna kuonekera, ndi umene unafika m'midzi mwathu. Amene anapita ku Joni, ku Salisbury kapena ku Bulawayo ankatumiza chithunzi cha mu situdiyo, atavala jekete, dzanja lili pa wailesi kapena pa telefoni yosalumikizidwa kulikonse. Kenako kunabwera ojambula oyenda pa njinga. Amenewa ankadziwa kalendala ya fodya kuposa alangizi a zaulimi: okushoni ikatsegulidwa, ndalama zikayamba kutuluka, iwo ali pakhomo. Unkalipirako theka, n'kudikira milungu kuti filimu idzaze ndi kukatsukidwa ku tauni, ndipo nthawi zina chithunzi chinkabwera mutu utadulidwa. Mu alubamu ya kwathu muli bambo anga aang'ono ataima ndi njinga yatsopano, mapulasitiki asanachotse n'komwe. Palibe amene anajambulitsa ali ndi khasu. Chithunzi chinali cha tsiku limene zinthu zayenda.

Pamwamba pa zithunzi zonsezi, kunena zenizeni za pakhoma, panali nkhope ya mwana wa kuno kwathu. M'nthawi ya Kamuzu chithunzi chake chinkapachikidwa m'sitolo, mu ofesi ndi m'sukulu, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, ngakhale wotchi. Nkhope yomweyo inali pa ndalama, pa makadi a chipani ndi pa zitenje za mbumba. Wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999, iye atachoka kale pampando, choncho kwa zaka 30 anthu ambiri ankamudziwa kudzera pa chithunzi chosasuntha chija, cha suti ya zidutswa zitatu. Mmalawi anaphunzira bwino lomwe kuti chithunzi cha nkhope si masewera, chimanena za amene ali pamwamba ndi amene ali pansi. Ife obadwa pambuyo pa 1994 timajambulana ngati kumwa madzi, koma amayi athu ukawalozetsa foni amayamba akonza duku.

Tsono langizo lija loti walitsa nkhope. Kuyambira m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lomwe linkatchedwa Shirley. Makina ankatcheredwa kuti khungu limenelo lituluke bwino, ndipo lathu linkatuluka mmene latulukiramo, nthawi zambiri maso ndi mano okha. Kampani ya Transsion ya ku China, yomwe imapanga Tecno, itel ndi Infinix, inagwira msika wa mu Africa mwa zina chifukwa chokonza makamera ake kuti azigwira bwino khungu lakuda. Komabe foni zambiri zimabwera ndi kabatani kokongoletsa nkhope, komwe kamasalaza ndi kuyeretsa khungu usanakapemphe. Ndikaona chithunzi cha mlongo wa munthu atayera ngati wadzola ufa, funso langa limakhala loti kodi kunyumba amaoneka chonchi? Nkhope ikada pa chithunzi, vuto si khungu, ndi pomwe waimika munthuyo. Usamuimike kumbuyo kwake kuli thambo lowala. Mulowetse pa khonde kapena pansi pa mtengo wa mango, ayang'ane komwe kukuchokera kuwala, dina pankhope pake pa sikirini kuti foni iyeze kuwala kuchokera pamenepo, ndipo kabatani kaja kazimitse.

Pali mtundu wina wa nkhope za ku Kasungu womwe dziko lakunja limaudziwa bwino. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, litacheza ndi ana a ku Lilongwe, ku Kasungu ndi ku Mzimba, ndipo pambuyo pake atolankhani akunja anabwera ndi makamera awo. Zithunzi zimenezo zinagwira ntchito, tisakane. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito ya ana ndi yokakamiza, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'malamulo a ntchito. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma achinyamata athu aphunzirapo kalembedwe kake kokha: mwana wa malaya ong'ambika, kamera ili pamwamba kumuyang'ana pansi, mitundu yachotsedwa kuti chisoni chichuluke. Amandionetsa monyadira, amvekere ichi ndiye chaluso. Ndimafunsa kuti mwanayu ndi wa ndani, amayi ake achiona, ndipo avomera kuti chipite pa Facebook? Kenako ndimati ukadzajambulanso ugwade, kamera ikhale pa msinkhu wa maso ake. Ukangotero chithunzi chimasintha, mwana uja amasiya kupempha, amayamba kukuyang'ana.

Mwezi wathawu msuweni wanga anandionetsa zithunzi ziwiri za azakhali athu. Choyamba anawajambula osadziwa, atakhala pansi akusankha fodya, manja ali bii ndi phula la masamba, kuwala kukulowera m'mipata ya udzu. Kunena za luso, n'chithunzi chabwino kwambiri chomwe mnyamatayu wajambulapo, ndipo ndinamuuza choncho. Chachiwiri anachita kuitanitsa okha atazindikira zomwe zachitika. Analowa m'nyumba, anasamba, anavala chitenje cha ku tchalitchi, n'kukaima chilili kutsogolo kwa chigafa, pambali pa mabelo omwe anali atangodindidwa pa jeke. Msuweni wanga sachikonda, akuti n'chachikale. Zolakwika zilipodi: dzuwa lili kumbuyo kwawo, mapazi adulidwa, ndipo denga la chigafa likuoneka ngati lamera pamutu pawo. Ndinamuuza kuti abwererenso cha m'ma 4 koloko madzulo, awasunthire kumanja pang'ono, iye abwerere m'mbuyo kuti mapazi alowe, ndipo potumiza pa WhatsApp atumize ngati document kuti chisaphwanyike. Za choyamba chija ndinati akawaonetse eni ake, anene okha ngati chingatuluke pakhomo.

Anapitadi. Choyamba chija azakhali anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti achisunge, koma asaonetse anthu a ku mpingo. Chachiwiri anati akachitsukitse pa pepala ku tauni, chikhale chachikulu chopachika pamwamba pa kabati, ndipo mabelo onse asanu ndi limodzi aoneke.